Timachubu tiwiri ta Nachisale

Nachisale: Abale pepani, ndikudziwa kuti gulu lino ndi la zamaliro, maganyu ndi katundu wopita kumudzi, koma lero lokha mundilole. Taonani timachubu tiwiri tili pachithunzipa. Kotuwako ndi ka mwezi watha, kofiira ngati dothi la katondoko ndi ka madzulo ano. Miyezi inayi ndikusakasaka mtundu umenewu!! Ndatuluka mu lab manja akunjenjemera, ndangozindikira ndili pa Bree pamzere wa taxi

Mai a mapasa: Iiii mwana wanga amenewo si magazi? Mwadzicheka?

Nachisale: Ayi mama ndili bwinobwino. Ndi mabakiteriya, E. coli, omwe ndikuwakakamiza kupanga puloteni yotchedwa cytochrome c. Timawalera mu msuzi wawo usiku wonse kenako timawazunguza pa makina mpaka onse akhale pansi, ngati mmene ufa umatsalira pansi pa chikho cha thobwa. Koma simunaphonye kwambiri, chomwe chawafiiritsa ndi chomwechonso chimafiiritsa magazi athu, amati heme, kamphete kakang'onong'ono kokhala ndi ayironi pakati

Achimwene a Bolt: E coli si ija amati ikalowa mmadzi anthu amatsegula mmimba? Sisi muzisamba mmanja musanabwere ku msonkhano wa Sunday kkkk

Nachisale: Kkk achimwene ya mu lab ndi mtundu wina, anaifooketsa kalekale. Komabe magolovesi timavala ndipo zonse timaziphika pa nthunzi tisanataye

Aphunzitsi a ku Dedza: Nachisale tafotokozani mofatsa. Ine ndaphunzitsa Biology zaka zambiri ku CDSS ndisanabwere kuno kudzalondera mageti a anthu, koma respiration ndinkaifikitsa pa mitochondria ndi ATP basi. Mawu oti cytochrome ndinkalemba pa bolodi ana nkukopera, mpaka lero zimandiwawa kuti sindinawaonetsepo chinthucho

Nachisale: Chabwino aphunzitsi, mundibweze ndikasochera. Mukukumbukira tikamamanga tchalitchi kumudzi, njerwa zili pa uvuni, anthu nkundanda mpaka pa maziko kumapatsirana imodziimodzi? Munthu sakusuntha koma njerwa ikuyenda. Kupuma kwa selo kuli choncho. Chakudya chikaphwanyidwa chimatulutsa ma elekitironi, nde mapuloteni amapatsirana, uyu kupatsa uyu, mpaka kumapeto komwe okosijeni amawalandira nkupanga madzi. Popatsiranapo mpamene ma proton amakankhidwira kutsidya la kakhungu ka selo, akaunjikana uko amabwerera mothamanga kudzera pa ATP synthase (puloteni yopanga ATP, mphamvu ya selo), yomwe imazungulira ndithu ngati makina a pa Nkula madzi a Shire akamadutsa. Anabweretsa ganizo limeneli ndi Peter Mitchell mu 1961, anzake anamutsutsa zaka ndithu, anadzalandira Nobel mu 1978. Nde ma cytochrome ndi ena mwa anthu apamzere aja, chikhatho chomwe amalandirira njerwa ndi ayironi wa mu heme. Akalandira amakhala Fe2+, akapereka wabwerera ku Fe3+, choncho choncho osapuma

Aphunzitsi a ku Dedza: Mpaka apo tili limodzi. Nanga ntchito yanu ili pati?

Nachisale: Yanga ndi yofunsa kuti apamzerewo amawakonza ndani, heme amalowa bwanji mu puloteni. Agogo a Westonaria muli pompano? Ndikufuna ndibwereke khasu lanu

Agogo a Westonaria: Ndilipo mdzukulu wanga ndikuwerenga pangonopangono maso anatha

Nachisale: Agogo mukudziwa khasu longolowetsa mu mpini, ukalima pouma limatha kuguluka. Haemoglobin ndi ma cytochrome a mtundu wa b ali choncho, heme amangokhala mkathumba, tikawiritsa puloteniyo ndi sopo wathu wotchedwa SDS heme uja amagwa. Koma a mtundu wa c, omwe ndikulimbana nawo ine, heme anamuwotcherera malo awiri, welding yeniyeni. Pa puloteni pamakhala kachidindo ka zilembo zisanu, CXXCH, chilembo chilichonse chikuimira kamodzi ka timikanda topanga puloteni, X ndi kalikonse. Ma C awiriwo ndi cysteine, aliyense ali ndi sulufule, ndi amene amalumikizana ndi mpheteyo. H ndi histidine, iyeyo amagwira ayironi wapakati. Vuto ndi ili, kuwotchererako sikuchitikira mnyumba. E. coli ali ndi zipupa ziwiri, chamkati ndi chakunja, pakati pali kakhonde kotchedwa periplasm. Puloteni imapangidwira mkati, imatuluka ili yotambasuka ngati chingwe pa khomo lotchedwa Sec. Heme nayenso amapangidwira mkati koma khomo lake ndi lina. Akakumane pakhonde. Ndipo heme simungamusiye ayende yekha, amamata paliponse ndipo ayironi wake amaononga mafuta a chipupa

Mai a mapasa: Aaa nde ndi chikwatitu chimenecho, mkwati khomo lake mkwatibwi khomo lake. Ankhoswe ali kuti?

Nachisale: Mama mwandithera mawu!! Ankhoswe alipo 8, mayina awo CcmA, B, C mpaka H. CcmC ndi amene amamutulutsira heme mbali ya kukhonde nkumupereka kwa CcmE. CcmE ameneyu ine ndimamukonda kwambiri, sangomugwira dzanja ayi, amadzimangirira naye ndithu pa histidine wake wa nambala 130 kuti asapulumuke panjira. Anamutulukira ku Zürich, gulu la Linda Thöny-Meyer, mu 1998, anthu anadabwa chifukwa wonyamula zinthu kwa kanthawi samangirira choncho. Kenako CcmA ndi CcmB amaononga ATP kuti amumasule CcmE pamene anakakamira pa CcmC, apite ndi katundu wake kwa CcmF, wowotcherera uja, yemwe amagwira ntchito ndi CcmH. CcmD ndi kakang'ono, kamathandiza kuti C ndi E agwirizane

Anesi a night: Mwasiya G

Nachisale: Eee asisi, G nkhani yake ndi yokoma payokha. Pakhonde paja pali puloteni ina, DsbA, ntchito yake ikaona ma cysteine awiri oyandikana imawagwiranitsa. Kwa mapuloteni ena zimenezo ndi zabwino, zimawalimbitsa. Koma kwa mkwati wathuyu ndi tsoka, manja awiri omwe amayenera kulandira nawo heme agwirana okhaokha. Nde selo limatumiza ma elekitironi kuchokera mkati, kwa thioredoxin, kudutsa pa DsbD yomwe ili mu chipupa, kufika kwa CcmG, iyeyo ndi H nkumasula manja aja. Taganizani, kuti upange wonyamula ma elekitironi ukuyamba wawononga ma elekitironi ena. Ngakhale heme weniweniyo akamafika kwa CcmF ayenera kubwezedwa ku Fe2+ kaye apo ayi welding sigwira, nchifukwa chake CcmF ali ndi heme wakewake wa mtundu wa b wongogwirira ntchito imeneyo

Aphunzitsi a ku Dedza: Dikirani pamenepo. Ngati E. coli ali nawo kale ankhoswe 8 amenewa, kachubu koyamba kanatuwa bwanji?

Nachisale: Limeneli ndi funso lomwe linandidyera miyezi iwiri aphunzitsi. Ma gene onse 8 ali nawo, ondondozana pamalo amodzi, koma amawayatsa pokhapokha kulibe okosijeni, makamaka akamapumira nitrate. Ife mu lab timawakhutchumula mabotolo usiku wonse kuti mpweya ulowe akule msanga, nde ankhoswe onse ali mtulo. Puloteni yanga imatuluka pakhonde, palibe woilandira, ma enzyme odula mapuloteni nkuikhadzula. Njira yake ndi kuwapatsa plasmid, kamphete ka DNA kapadera, yotchedwa pEC86, ili ndi ma gene 8 omwewo koma oyaka nthawi zonse. Timathira chloramphenicol mu msuzi kuti bakiteriya amene wataya plasmid afe, otsala akhale okhawo ali nayo

Anesi a night: Chloramphenicol yemweyu wa mmaso?

Nachisale: Yemweyo asisi. Koma nditaika pEC86 kanangofiirira pang'ono ngati tiyi wa mkaka wambiri. Ndinkawakakamiza kwambiri, kutentha 37, mankhwala oyatsira gene ochuluka, nde akwati amatuluka chigulu ankhoswe osakwanitsa. Sabata ino ndatsitsa kutentha, ndachepetsa mankhwala aja, ndachepetsanso liwiro lokhutchumulira, ndawasiya nthawi yaitali. Lero ndikutulutsa botolo mu centrifuge, makina ozunguza aja, ndinayamba ndaona pansi pake kudzera mu pulasitiki, ndinangokhala pa mpando osatsegula mwina mphindi zisanu

Mai a mapasa: Ambuye alemekezeke mwana wanga. Mai anu mwawaimbira?

Nachisale: Ndawatumizira chithunzi, ayankha kuti ukuoneka ngati utoto wa pakhonde la agogo

Agogo a Westonaria: Mdzukulu wanga ndili ndi funso langa. Ine ndinatsika mgodi koyamba 1981 nthawi ya Theba ndipo pansi tinkaona madzi ena akudontha mmiyala kusiya dzimbiri nsapato zikanyowa zimadyeka. Kenako aja anatumphukira kumtunda cha ku Randfontein 2002 ndinapita kukaona ndi maso anga mtsinje wonse miyala yachikasu ndi yofiira chule mulibe nsomba mulibe fungo ngati zitsulo zakale. Kufiira kumene kuja ndi tizilombo tanuti?

Nachisale: Agogo funso limeneli ndi la mayeso a PhD. Kufiira munaonako ndi dzimbiri lenileni, koma amene amalifulumizitsa ndi mabakiteriya, wotchuka ndi Acidithiobacillus ferrooxidans. Mmiyala ya golide ya kunoyi muli pyrite, uja wonyezimira wonamiza anthu. Akakumana ndi madzi ndi mpweya amatulutsa asidi ndi ayironi wosungunuka. Nde bakiteriya ameneyu chakudya chake ndi chimenecho, amalanda elekitironi kwa ayironi, amakhala mosangalala mu asidi wa pH 2. Koma sangalowetse ayironiyo mkati, angachite dzimbiri mmimba. Nde anaika cytochrome c ina, Cyc2, pa chipupa chakunja penipeni. Imalanda elekitironi panja pompo, kupatsira rusticyanin, puloteni ya buluu chifukwa yake ndi kopa osati ayironi, iyo kupatsira Cyc1, mpaka kwa okosijeni. Dzimbiri lotsala panja lija ndi lomwe linapaka miyala ya mumtsinje. Cyc2 ndi Cyc1 onse heme wawo ndi wowotcherera, popanda ankhoswe bakiteriya ameneyu sangadye

Agogo a Westonaria: Zodabwitsa ndithu zaka zonsezi ine ndimati ndi mankhwala a ku plant

Nachisale: Ndipo a migodi anawalemba ntchito agogo, ku Fairview ku Barberton kuyambira 1986 amagwiritsa mabakiteriya odya miyalawa mmathanki kuti aswe mwala golide aonekere. Kulinso ena ochita zosemphana, mmalo modya ayironi amapumira pa dzimbiri ngati ife tipumira okosijeni. Shewanella, anamupeza mu nyanja ya Oneida ku New York, ali ndi MtrA ndi MtrC, iliyonse ma heme 10 ondandana ngati waya wotulukira kunja. Geobacter ali ndi ma gene a cytochrome c opitirira 100, mukamuzunguza pa makina amafiira yekha osamuthandiza. Tangoganizani ntchito ya ankhoswe mmenemo, puloteni imodzi kuwotcherera kakhumi osaphonya

Agogo a Westonaria: Nanga cyanide uja amasungunulira golide ankatiopseza kuti kununkhiza kokha wapita amapha bwanji

Anesi a night: Ameneyo ndiyankhe ine agogo. Amakakamira pa womaliza wa pamzere uja, cytochrome c oxidase, wopereka kwa okosijeni. Akagwidwa iyeyo mzere wonse waima, aliyense njerwa ili mmanja kosaipereka. Munthu mpweya akukoka, magazi ali ndi okosijeni wambiri, koma maselo sakutha kumugwiritsa ntchito

Mai a mapasa: Kwathu ku Chintheche chinangwa chowawa timachiviika masiku angapo chifewe, kuchiyanika pa thandala kenako kusinja, kondowole wake ndi ameneyo. Amayi ankatimenya tikatafuna chosaviika. Ndi poizoni yemweyo?

Nachisale: Yemweyo mama, wa mu chinangwa ndi wa ku mgodi. Kuviika kuja kumamutulutsa

Achimwene a Bolt: Ine ndawerenga zonse ndili pa rank ya ku airport kudikira trip, ndipo sisi ndakunyadirani zoona. Koma ndifunse mosabisa, musakwiye. Anthu pagulu pano permit yatha, rent ya Rosettenville yakwera, kumudzi feteleza sakugulika, nde munthu wanzeru ngati inu miyezi inayi pa kachubu kofiira, kathandiza ndani? Bwanji osapanga za mbewu kapena mankhwala enieni

Anesi a night: Achimwene mundilole ndikuyankheni ine chifukwa zimenezi ndazigwira ndi manja. Ndinayamba ntchito nthawi yomwe TB yosamva mankhwala tinkabaya kanamycin, jakisoni tsiku ndi tsiku miyezi ndi miyezi, matako kuchita kuuma malo obaya kusowa, ndipo ambiri makutu amagontha osabwereranso. Ndikukumbukira bambo wina ndinamuitana katatu ali chondifulatira pa bedi, osatembenuka, mpaka ndinamugwira phewa, anayamba kulira asanandione nkomwe chifukwa anadziwa. Mu 2018 South Africa inakhala dziko loyamba kuchotsa majakisoni aja nkuika bedaquiline, mapilisi. Mukudziwa bedaquiline amagwira pati? Pa ATP synthase ya kachilombo ka TB, makina a Nkula omwe wanena Nachisale aja. Amene anayamba kufufuza za mzere wa ma elekitironi sankaganiza za wodwala wanga, koma bwenzi lero tikubayabe

Agogo a Westonaria: Mnzanga wa ku Mzimba tinkagona chipinda chimodzi ku hostel anachira chifuwa koma anapita kumudzi osamva kanthu mkazi wake ankamulembera pa pepala

Achimwene a Bolt: Pepani agogo. Asisi ndamva, sindimadziwa kuti mapilisi aja nkhani yake ndi imeneyi. Koma funso langa likadalipo pang'ono, ankhoswe akewa alipo mankhwala owagwira?

Nachisale: Achimwene funso lanu ndi labwino ndipo sindikunamizani, mankhwala a kuchipatala ogwira ankhoswewa palibe panopa. Chomwe chimatikoka ndi ichi. Ife anthu cytochrome c tili naye mu mitochondria, tizipinda topumira ta mu selo, koma nkhoswe wathu ndi mmodzi yekha, HCCS, ndipo safanana nkomwe ndi a mabakiteriya. Mabakiteriya ena ali ndi gulu la 8 lija, ena monga Bacillus, Helicobacter wa zilonda za mmimba ndi TB yemwe ali ndi njira yachiwiri yaifupi, CcsB ndi CcsA, omwe amatulutsa heme nkuwotcherera okha. Nde ngati awo ndi osiyana ndi wathu, mutha kupeza mankhwala otseka awo osakhudza wathu. Pafupi pomwepo anthu afikapo kale, telacebec amene anamuyesa kwa odwala ku Cape Town amatseka cytochrome bc1 ya TB, yomwe mkati mwake muli cytochrome c. Koma kachilomboka nkochenjera, kali ndi njira yachidule, cytochrome bd, imene sifuna heme wowotcherera, mukatseka msewu waukulu kamazembera kumeneko. Nde pamafunika kutseka ziwiri zonse. Ine ntchito yanga ndi yaing'ono, ndikufuna ndione kuti wowotcherera amazindikira bwanji kachidindo kaja, ndizisintha zilembo za pakati pa ma C awiri ndione pomwe akanire. Koma sindikanayamba popanda kachubu kofiira, nkofunika ndikhale ndi chabwinobwino choyerekezera

Achimwene a Bolt: Shapu sisi. Trip yalowa, ndiwerenga zotsala ndikatsitsa

Aphunzitsi a ku Dedza: Nanga zomera zili mbali iti?

Nachisale: Apa mpomwe ndimachita nazo chidwi aphunzitsi. Mitochondria a chimanga amagwiritsabe ankhoswe a Ccm ngati E. coli, pomwe chloroplast wa tsamba lomwelo, wopanga chakudya ndi dzuwa uja, amagwiritsa njira yachiwiri ija. Tsamba limodzi, miyambo iwiri ya chikwati, chifukwa onse awiri makolo awo anali mabakiteriya osiyana amene analowa mu selo kalekale. Ife ndi yisiti ndi amene tinasinthira kwa mmodzi uja

Che telala a Fordsburg: Salaam abale ndalowa mochedwa ndimamaliza madiresi a ukwati wa Loweruka. Kwathu ku Nkhotakota kufupi ndi game kuli kaodzera wa ntchentche za kashembe zija, achimwene anga anadwalapo. Kameneko kali mbali iti

Nachisale: Che telala kameneko si bakiteriya, ndi Trypanosoma, koma nkhani yake ndi yachilendo zedi. Cytochrome c yake heme anawotcherera malo amodzi okha, C woyamba uja kulibe, ndipo wowotcherera wake ndi winanso. Chinanso, kakakhala mmagazi a munthu shuga ndi wambiri nde mzere wa ma cytochrome kamauzimitsa, kamadzauyatsa kakalowa mu ntchentche

Admin: Abale nkhani yakoma koma ndikumbutse, amene muli ndi katundu wa basi ya Loweruka afike pa Park Station isanakwane 9, ndipo chopereka cha maliro a ku Turffontein titseka mawa. Nachisale pitirizani, sindikukuletsani

Aphunzitsi a ku Dedza: Limodzi lomaliza. Mukutsimikiza bwanji kuti kufiirako ndi heme wowotcherera osati wongolowetsa?

Nachisale: Mawa ndi ntchito imeneyo, nchifukwa chake tulo sitibwera. Njira ziwiri. Yoyamba ndiwiritsa ndi SDS nkuyendetsa pa gel yolekanitsa mapuloteni, ndikathira mankhwala oonetsa heme mzere ukaoneka pa puloteni yanga ndiye kuti khasu silinaguluke. Yachiwiri ndi kuwala. Cytochrome c akalandira elekitironi amameza kuwala kwa pafupi ndi 550 nm, pa kompyuta pamatuluka kaphiri kosongoka, a mtundu wa b kawo kamakhala cha ku 560. Ndi mmene David Keilin anawaonera ku Cambridge mu 1925, ndi iyeyo anapereka dzina loti cytochrome. Analibe makina athuwa, anali ndi kagalasi kogawa kuwala pa microscope. Anaika yisiti mmadzi nkuona timizere takuda tinayi, akakhutchumula kuti mpweya ulowe timizere tija nkuzimiririka, akasiya kanthawi nkubwerera

Aphunzitsi a ku Dedza: Yisiti yemweyu wa mandasi?? Mayo ine. Ndikanadziwa bwenzi ana anga a Form 3 ataona kupuma ndi maso. Kagalasi kameneko kamapezeka?

Nachisale: Timapezeka ta mmanja, ndifunsa kwa a technician kuti amagula kuti. Mukadzakhala off mubwere ku Braamfontein tidzayese limodzi kaye, pamafunika yisiti wokhuthala ndi nyali yowala kwambiri

Mai a mapasa: Kagoneni mwana wanga mwadya koma?

Nachisale: Ndikupika pompano mama

Nachisale: Mwadzuka bwanji nonse. 10:20, kaphiri katuluka pa 551, chithunzi ndi icho. Gel ikuyenda, ndidziwa cha mma 2

Anesi a night: Ndangofika kunyumba sindigona mpaka 2 yo

Achimwene a Bolt: Sisi ikatuluka bwino lero taxi musakwere, ndidzakutengani pa gate ulere

Agogo a Westonaria: Mdzukulu wanga madzi a dzimbiri aja pali kamfuleni kena kuseri kwa dump ndimadutsapo popita ku tchalitchi ndikutungireni mubotolo muwaone tizilomboto?

Nachisale: Eee agogo chonde!! Botolo la pulasitiki lotsuka bwino, mutengeko ndi matope achikasu apansiwo pang'ono, lisadzaze mpaka kukamwa musiye mpata wa mpweya. Koma muvale magolovesi kapena jumbo mmanja ndipo musaponde mmadzimo. Mudzandipatsire Sunday ku msonkhano